Mubwere ndi Mbale

Morven ndi Gregor anakumana pasiteji ya basi ku Greenock, tauni ya ku Scotland, tsiku lina mvula ikugwa ngati yakwiyira munthu. Mphepo inali itapindira ambulera ya Morven m'mwamba, tsitsi litamata kumaso, nsapato zitadzaza madzi. Pambali pake panaima mnyamata wamtali wovala ovolosi yothimbirira, ndipo m'malo momumvera chisoni, iye anayamba kuseka.

"Chikukuseketsani n'chiyani?" anafunsa Morven atakwinya nkhope.

"Palibe, chemwali. Ndikungodabwa. Dzuwa lasowa mwezi wonse, kani lili pano likudikira basi?"

Anthuni! Mawu otchipa chonchi! Ine mnyamata atandiuza zimenezo ndikhoza kumugenda ndi chikwama. Koma Morven anamwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko ndi kumene kunamugwetsa m'mavuto.

"Dzina langa ndine Gregor," anatero mnyamatayo uku akumufunditsa jekete lake. Pamene basi inkafika anali atapatsana kale manambala. Morven asanatsegule n'chitseko chomwe cha kwawo, foni inalira.

"Kadzuwa kanga, wafika bwino? Jeketelo usabweze. Ndidzalitenga ndekha tsiku lodzakutenga iweyo."

Nkhani zonsezi ndinazimva Morven mwiniwake akuwafotokozera amayi anga kukhitchini kwathu, ine nditavala mahedifoni osayatsa. Ndiye musati ndikupeka.

Chaka chisanathe anamanga ukwati. Kenako kunabadwa Finlay, kamnyamata ka tsitsi lofiira ngati la bambo ake. Koma chikondi sichinaumitse zovala. Gregor ankaotcherera zitsulo pamalo ena okonzera maboti. Ankachoka kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. Akafika ankatenga chakudya chake mu uvuni, n'kudya maso ali pa TV. Zovala zinkayanikidwa m'nyumba momwemo, pamipando, pazitseko, osauma. Finlay naye chifuwa sichinkamuchoka.

"Kodi ili ndi banja kapena nyumba yogona alendo?" Morven anafunsa tsiku lina.

Gregor anamukokera pachifuwa. "Vuto si ine, kadzuwa kanga. Vuto ndi dziko lino. Munthu ungaseke bwanji kumwamba kuli bii chaka chonse? Taona izi."

Anamuonetsa pafoni zithunzi za ku Perth, mzinda wa ku Australia. Mchenga woyera mbee, ana akuthamanga opanda malaya, azibambo akuotcha nyama kuseri kwa nyumba.

"Ku Australia akufuna anthu ootcherera ngati ine. Ndikukulonjeza, kumeneko tizikadya limodzi panja tsiku lililonse. Ndizikaweruka dzuwa lidakalipo. Finlay akakulira pamchenga, chifuwa chonsechi chikathera m'ndege. Iwe ndi ine tikayambiranso ngati tangokumana kumene."

"Nanga amayi anga?"

"Azidzabwera kudzacheza. Nyamakazi yawo ija idzathawa yokha ikadzaona dzuwa."

Morven anaseka, n'kuvomera. Chimene ankafuna sichinali dzuwa ayi. Ankafuna mwamuna wake akhale patebulo, ayang'ane mwana wake kumaso, afunse kuti lero kusukulu kunali bwanji. Basi! Kodi zimenezo n'zambiri?

Gregor anatsogola yekha kuti akakonze pokhala. Anati miyezi itatu. Miyezi itatuyo inasanduka chaka ndi kanthu. Koma mameseji okha, iii, ankabwera ngati mvula ya ku Greenock yomweyo.

"Bebi, lero ndaona dzuwa likulowa m'nyanja, ndalira. Silikufika pa iwe."

"Mtima wanga, pirira pang'ono. Mapepala akuchedwa. Bedi lino n'lalikulu kwambiri popanda iwe."

Lalikulu! Mwamva? Chabwino.

Morven anasiya ntchito yake ya kufamase, anagulitsa mipando, anapatsa mnansi mphaka wawo. Pabwalo la ndege amayi ake anamukumbatira osafuna kumusiya. Iye ankangoti, "Musalire, Mami, ndikupita kukakonza banja langa."

Atafika ku Perth anapeza nyumba yokonzedwa bwino zedi. Makatani ofanana ndi mapilo. Bedi la Finlay litamangidwa kale, pakhoma pali zithunzi za nsomba. M'makabati mbale, makapu, masupuni, chilichonse pamalo pake.

"Zonsezi wasankha wekha? Iwe amene sudziwa kusiyanitsa masokosi?"

"Ndekha, kadzuwa kanga. Munthu ukakhala wekha umaphunzira zambiri."

Tsiku limenelo anadyadi panja. Tsiku limodzi limenelo. M'mawa mwake Gregor anakhosomola pang'ono n'kunena kuti pali kanthu kamene sanafotokoze bwino pafoni. Ntchito yake sinali mumzinda. Inali kumgodi, kutali kumpoto, kopita pandege.

"Masabata atatu kumeneko, sabata imodzi kuno. Aliyense amatero, bebi. Uzolowera."

Ndiye dzuwa linasintha chiyani? Ndikuuzeni ine amene ndakulira kuno, makolo anga atachokanso ku Scotland komweko ndili wamng'ono. Mbale zimada chimodzimodzi! Mwana amakana kudzuka chimodzimodzi! Ku Greenock Morven ankatseka mawindo kuthawa mvula. Kuno ankatseka makatani kuthawa dzuwa, makina oziziritsa m'nyumba akulira tsiku lonse. Tsiku loyamba kupita kunyanja Finlay anapsa msana psuu, analira masiku awiri osalola kuvala malaya. Zovala zinkauma msanga, inde, zimenezo tivomereze. Koma munthu ungasiye amayi ako chifukwa cha zovala?

Ndipo kale Morven akatopa ankangowoloka msewu kukamwa tiyi kwa amayi ake. Kuno akafuna kuwaimbira, iwo ali m'tulo. Iwo akadzuka, iye ali pamzere wotenga mwana kusukulu.

Sabata ya Gregor ikafika, bamboyo ankangogwera pasofa.

"Dzuka, tipite ndi mwana kunyanja."

"Ndatopa, Morven."

"Ku Greenock ndinkakuona tsiku lililonse, ngakhale unkangondionetsa nkhongo. Kuno ndimakuona pafoni! Unandibweretsera chiyani kuno?"

"Ndimavutikira inu nomwe! Ukuganiza kuti kumgodi kuja ndimakasewera mpira?"

"Unati tizidya panja."

"Panja pali ntchentche."

Ntchentche! Munthu wawoloka dziko lonse, wasiya amayi ake akulira, yankho lake n'kukhala ntchentche? Morven analowa kubafa n'kutsegula mpope kuti Finlay asamve kulira kwake. Komabe ankadziuza kuti mwamuna wake akutopadi. Ankati zikhala bwino, ntchito ya mumzinda ikapezeka.

Tsiku lina pageti la sukulu anamuimitsa mayi wina wansangala, Narelle, amene mwana wake amaphunzira kalasi imodzi ndi Finlay.

"Inu ndinu amayi a Finlay, eti? Ndimakuonani nokhanokha. Bambo ali kuti?"

"Ali kumgodi."

"Aaa, ndiye ndinu mnzathu! Theka la ana pano abambo awo ali kumgodi. Loweruka tikuotcha nyama kupaki ya kunyanja. Mubwere, musadzitsekere m'nyumba ngati mkaidi. Nyama ndi zakumwa n'zathu, inu mungobwera ndi mbale."

Morven anasangalala ngati mwana. Kuyambira pamene anafika, aka kanali koyamba munthu kumuitana kwinakwake. Koma za mbalezo zinamudabwitsa. Loweruka m'mawa analembera Gregor.

"Dali, mayi wina wa kusukulu, Narelle, watiitana kootcha nyama lero. Akuti tibwere ndi mbale. Kodi anthu a kuno alibe mbale zokwanira?"

Yankho linabwera mwachangu. "Ntchito yandithina, bebi, ndiwerenga bwino madzulo. Ndimakukonda mpaka kalekale."

Mwaona? Akanangowerenga! Mizere iwiri yokha! Koma munthu amene anasiya kalekale kumvetsera mkazi wake angawerenge meseji mpaka kumapeto?

Morven sanafune kuchita manyazi ndi mbale wamba. Anakwera pampando n'kufufuza m'kabati ya pamwamba. Kumbuyo kwenikweni anapeza mbale yaikulu yabuluu, yojambulidwa mandimu m'mphepete. Anaitsuka, anaipukuta mpaka kuwala, anaikulunga m'thaulo pamodzi ndi mafoloko awiri.

Apa tsopano ndinalipo ndekha, ndinaona ndi maso angawa. Tinali titakhala pansi pa mitengo, azibambo ali pamoto ndi masoseji, tebulo litadzaza masaladi ndi makeke. Morven anafika atavala diresi yachikasu, Finlay akumukoka dzanja. Anamasula thaulo lija n'kupereka mbale kwa Narelle ndi manja awiri.

Narelle anayang'ana m'mbalemo. Mbee! Anayang'ana Morven. Kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira pamimba.

"Mayo ine! Wina uyu! Atsikana, tabwerani mudzaone!"

"Ndalakwitsa chiyani?" Morven anafunsa, nkhope itafiira.

"Mnzanga, kuno tikati mubwere ndi mbale timatanthauza mbale ya chakudya! Muphike kanthu, tidzadye tonse!"

Azimayi onse anaseka, koma sikunali kuseka koipa. Amayi anga anamugwira phewa n'kumuuza kuti nawonso chaka chawo choyamba anabwera ndi mbale zinayi zopanda kanthu, ya aliyense m'banja. Morven anayamba kusekanso, misozi ili m'maso. Bwenzi zitathera pomwepo, likanakhala tsiku labwino.

Koma Narelle anali akuitembenuzatembenuza mbale ija.

"Dikirani kaye. Mbale iyi si ya Sharni? Ya mandimu ija amabweretsera saladi wa mbatatesi?"

"Ndi yomweyo," anatero mayi wina. "Taonani pobenthuka apa. Inagwa pa Khirisimasi."

"Wakhala akuifunafuna mtsikana uja! Mwaipeza kuti?"

"M'kabati kunyumba kwanga," anayankha Morven.

Narelle anaomba m'manja. "Aaa! Ndiye ndinu mchemwali wa Gregor! Bwanji osanena? Sharni anaiwala mbaleyi pamene ankasamuka kuti akupatseni malo."

"Mchemwali wa ndani?"

"Wa Gregor, chibwenzi cha Sharni. Chaka chonse chathachi amakhala limodzi m'nyumba imeneyo. Koma dikirani, inu munati amuna anu ali kumgodi. Gregor anatiuza kuti anakuthawani, n'chifukwa chake anakuitanani kuno ndi mwana."

Morven sanagwe. Ine ndikanagwa. Iye anangoima chilili.

"Gregor ali kumgodi," anatero motsitsa mawu. "Abwera sabata yamawa."

Azimayi anayang'anana. Kuseka konse kunathera m'khosi.

"Mnzanga," Narelle anayankhula pang'onopang'ono, "Gregor amagwira limodzi ndi amuna anga. Amakhala masabata awiri uko, awiri kuno. Anatsika ndege Lachinayi. Amuna anga ndi awo akutembenuza nyamawo."

Sabata yathunthu mwezi uliwonse! Morven akudya yekha ndi mwana, akumumvera chisoni kuti akupsa ndi dzuwa kumgodi, iye ali kwa Sharni m'tauni momwemo, misewu ingapo kuchokera pakhomo pake!

Narelle asanapeze mawu ena, kumakatungwe kunamveka kukuwa.

"Dadi! Dadi!"

Finlay ankathamanga kulowera koimika magalimoto. Ndipo uko kunkabwera Gregor, kabudula wa maluwa, mapatapata, magalasi akuda pamphumi. Dzanja limodzi bokosi la mowa, dzanja lina lili m'chiuno mwa Sharni, mtsikana wa kusaluni amene amameta amayi anga. Mwana anafika n'kumukumbatira miyendo.

"Dadi, mwabwera msanga! Mami anati mubwera Lachinayi!"

Sharni anayang'ana mwanayo, anayang'ana Gregor. "Akuti chiyani mwanayu?"

Gregor anali asanamuone Morven. Anaseka kuseka kouma. "Ndi Finlay uyu, mwana wa mchemwali wanga uja. Amangonditchula choncho, poti bambo ake kulibe."

Pamaso pa mwana! Mwana wake wobala yekha, tsitsi lofanana, mphuno yofanana, atamugwira miyendo!

"Bwerezanso."

Morven anali ataima kumbuyo kwa Finlay, mbale ili m'manja. Bokosi la mowa linagwa pansi, ayezi n'kumwazika paudzu.

"Muyang'ane mwanayu m'maso ubwerezenso, Gregor. Bambo ake ali kuti?"

"Morven... ukutani kuno?"

"Ndinakulembera m'mawa! Ndinakuuza kumene ndikupita, dzina la wondiitana ndinakuuza! Koma ntchito inakuthina, eti? Ndi imeneyi ntchitoyo?"

Sharni anachotsa dzanja la Gregor m'chiuno mwake ngati chinthu chonyansa. "Gregor, uyu si mchemwali wako?"

Morven anakweza dzanja, mphete ikuwala padzuwa. "Mchemwali wovekedwa mphete m'tchalitchi? Mchemwali womuberekera mwana? Ndine mkazi wake, mayi! Zaka zisanu ndi ziwiri!"

"Kadzuwa kanga, tamvera kaye..."

Azimayi onse awiri anatembenuka nthawi imodzi. Sharni anaseka, koma misozi ikutsika.

"Ukuitana uti? Poti dzina limenelo n'langanso."

Masoseji ankapserera pamoto popanda wowatembenuza.

"Makatani aja ndinasankha ndine," Sharni anauza Morven. "Bedi la mwana ndinamanga ndine ndi manja angawa. Ndinkati ndikuthandiza mayi wosiyidwa. Ndinatuluka m'nyumba ija ndikudziona ngati munthu wabwino. Ndikulumbira, sindinkadziwa."

Morven anamuyang'ana nthawi yaitali. Ife tonse tinkadikira kuti mbale ija iphwanyika pamutu pa winawake. Koma iye anangoipereka.

"Nayi mbale yanu. Ndaitsuka."

Sharni anailandira, anaikumbatira pachifuwa, n'kulowera kugalimoto yake osacheuka.

"Bebi, ndinali ndekha," Gregor anayamba. "Chaka chonse, dziko lachilendo, sindinkadziwa munthu. Zinangochitika. Ndimafuna kuzithetsa, ndimangosowa poyambira. Ndimakonda iweyo, ukudziwa."

"Unali wekha? Nanga ine ndinali ndi ndani? Ndinagulitsa bedi limene tinagonapo tsiku la ukwati! Ndinasiya amayi anga akulira pabwalo la ndege! Unati vuto ndi mvula, Gregor. Unati vuto ndi mdima. Tayang'ana kumwamba! Kulibe ndi kamtambo komwe! Lero unamizira chiyani?"

"Tsitsa mawu, anthu akutiona."

"Atione! Anakuona chaka chonse ukudya saladi wa mbatatesi, lero akuonenso! Mawa ndikugula matikiti. Ine ndi Finlay tikubwerera kwathu."

Apa nkhope ya Gregor inasintha. Ubebi wonse uja unatha. Anayandikira n'kuyankhula motsitsa, koma ine ndinamva, ndinali pafupi.

"Iwe pita ngati ukufuna. Koma Finlay sangachoke m'dziko muno ine osavomera. Kwawo ndi kuno tsopano, sukulu yake ili kuno. Kafunse loya aliyense. Ndipo sindisaina."

Munthu yemweyo amene wangomukana mwanayo! Morven anatembenukira kwa amayi anga, poti ndi a kwawo, maso akufunsa ngati n'zoona. Amayi anga anaweramitsa mutu. Anaonapo kale azimayi ena zikuwachitikira.

Ndinaona mapewa a Morven akugwa. Ndinati basi, wagonja, abwerera naye kunyumba. Anayang'ana nyanja, anayang'ana mwana wake amene anali atasiya miyendo ya bambo ake n'kuima pakati osadziwa kolowera. Kenako anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kutambasula chikhatho.

"Makiyi."

"Makiyi a chiyani?"

"A nyumba. Wati sitichoka? Chabwino, sitichoka. Tikhala. Koma pakhomo paja usadzapondepo. Zovala zako uzipeza panja, ndipo usadandaule, mvula kuno kulibe."

"Morven, usachite misala. Ndikagona kuti?"

"Makiyi, Gregor!"

Gregor anayang'ana anzake a kumgodi kuti mwina wina amuthandiza. Amuna a Narelle anatembenuka n'kuyamba kupala masoseji opserera. Ena onse maso anali pansi. Anapisa m'thumba la kabudula wa maluwa uja, n'kuika makiyi m'dzanja la mkazi wake.

Narelle anali atatenga kale chikwama chake kuti akawatule. Morven anagwira dzanja la Finlay. Mwanayo anayenda pang'ono, kenako anaima n'kucheuka.

"Dadi, mubwera kunyumba lero?"

Gregor anatsegula pakamwa, koma Morven anamuyankhira.

"Dadi ako ali kumgodi."

"Koma Mami, si awo aima apowo?"

"Tiye, mwanangu. Vala chipewa, dzuwa likuotcha."